Mmene Makina Anaphunzirira Kuonjezera pa Mndandanda

Nkhani ya lero ikunena za ntchito yooneka yopepuka kwambiri, kotero kuti munthu angadabwe kumva kuti ili ndi mbiri yakeyake: ntchito yoonjezera chinthu chimodzi pa mndandanda wa zinthu zimene zalembedwa kale. Kalaliki aliyense amaichita tsiku ndi tsiku. Pakabwera munthu watsopano, iye amalemba dzina lake pansi pa dzina lotsiriza. Tsamba likadzaza amatembenuza lina, ndipo kaundula akatha amapita kukapempha wina kwa akuluakulu. Koma pamene anthu anayamba kupatsa makina a kompyuta ntchito yomweyi, m'zaka za m'ma 1950, anapeza kuti funso limene kalaliki salilabadira konse, lakuti dzina latsopanoli likhale pati, linali lalikulu ndithu kwa makina, ndipo linatangwanitsa akatswiri a masamu kwa zaka zambiri.

Gwero la vutoli linali kapangidwe ka malo amene kompyuta imasungiramo zinthu. Malowo ali ngati mzere wautali wa timabokosi tofanana, ndipo kabokosi kalikonse kali ndi nambala yake, imene imagwira ntchito ngati keyala. Kompyuta yotchedwa IBM 704, imene inalengezedwa m'chaka cha 1954, inali ndi timabokosi 4,096 ikakhala yochepa, ndi 32,768 ikakhala yaikulu kotheratu. M'kabokosi kamodzi munkalowa zilembo 6 zokha. Ndiye kuti makina odula kwambiri, odzaza chipinda chonse, sankatha kusunga zilembo zokwana 200,000 pa nthawi imodzi, ndipo m'malo omwewo munkayenera kukhalanso pulogalamu yeniyeniyo. Mau akuti pulogalamu pano sakutanthauza zimene omvera amamva pa wailesi ayi, koma malangizo amene munthu amalemba kuti makina awatsate, limodzi pambuyo pa linzake.

Njira yoyamba yosungira mndandanda inali kuika zinthu m'timabokosi togundizana, choyamba, chachiwiri, chachitatu, mpaka chotsiriza. Chilankhulo cha kompyuta chotchedwa FORTRAN, chimene a John Backus ndi gulu lawo ku kampani ya IBM anatulutsa m'chaka cha 1957, chinatsata njira imeneyi. Wolemba pulogalamu ankayenera kunena poyambirira pomwe, pogwiritsa ntchito mau akuti DIMENSION, kuti mndandanda wake udzakhala ndi zinthu zingati, ndipo makina ankapatula timabokosi tokwana chiwerengero chimenecho, osachotsapo, osaonjezapo. Ubwino wake unali waukulu. Ngati mndandanda wayambira pa kabokosi 1,000, chinthu cha nambala 700 chili pa kabokosi 1,699. Makina amangowerengera kamodzi ndi kufikapo, osafufuza. Kwa ainjiniya ndi asayansi, amene ankadziwiratu kukula kwa matebulo awo a manambala, panalibe chodandaula.

Koma njirayi inkafuna kuti munthu amange nkhokwe chimanga chisanamere. Akapatula malo ambiri, ankaononga timabokosi tosowa kale, totsala opanda kanthu. Akapatula ochepa, chinthu choonjezera chinkagwera m'kabokosi kotsatira, m'mene munali kale chinthu china cha ntchito ina, ndi kuchifufuta mwakachetechete. Ndipo akafuna kulowetsa chinthu chatsopano pakati pa mndandanda, zinthu zonse za kumunsi zinkayenera kusunthidwa, chimodzichimodzi, monga amasunthirana anthu pa benchi yodzaza mlendo akafuna kukhala pakati.

Amene anayamba kuona kuti njirayi sidzawafikitsa kumene ankafuna anali anthu atatu a ku United States: a Herbert Simon a ku Carnegie Institute of Technology mumzinda wa Pittsburgh, ndi a Allen Newell pamodzi ndi a Cliff Shaw a bungwe la RAND ku Santa Monica, m'chigawo cha California. M'chaka cha 1955 iwo anayamba kukonza pulogalamu yotchedwa Logic Theorist, imene cholinga chake sichinali kuwerengera manambala, koma kutsimikizira mfundo za m'buku la Principia Mathematica la a Alfred North Whitehead ndi a Bertrand Russell. Ntchito yotere ili ngati kulondola mapazi a nyama m'tchire. Mfundo imodzi imabala mafunso ang'onoang'ono atatu, limodzi mwa iwo limabala ena asanu, ena amathera panjira natayidwa. Palibe munthu amene akanatha kunena poyamba kuti mndandanda wa mafunso odikira udzatalika motani, ndipo mindandanda yotere inali yambiri, ina ikukula pamene ina ikuchepa. Kompyuta ya ku RAND, yotchedwa JOHNNIAC polemekeza katswiri wa masamu a John von Neumann, inali ndi timabokosi 4,096 tokha tofikirika msanga. Kupatsa mndandanda uliwonse malo ake aakulu, podziteteza, sikunali kotheka.

Yankho lawo, limene analimanga m'chilankhulo chotchedwa IPL m'chaka cha 1956, linali kusiya lamulo lakuti zinthu za mndandanda umodzi zikhale moyandikana. Chinthu chilichonse chikhoza kukhala paliponse pamene pali malo, malinga ngati chikusunga keyala ya chinthu chotsatira. Mwachitsanzo, mau akuti chimanga ali m'kabokosi 210, ndipo pambali pake palembedwa 75. M'kabokosi 75 muli mtedza, pambali pake 903. M'kabokosi 903 muli nyemba, ndi chizindikiro chakuti mndandanda wathera pamenepa. Tsono wina afuna kuika mpunga pakati pa mtedza ndi nyemba. Makina atenga kabokosi kalikonse kopanda kanthu, kaya ndi 48, alembamo mpunga ndi keyala 903, ndipo pa mtedza afufuta 903 nalemba 48. Ntchito yatha. Palibe chinthu chimene chasunthidwa, ndipo ntchitoyo ndi yofanana kaya mndandanda uli ndi zinthu 3 kapena 3,000.

Luso lenileni linali pa funso lakuti kabokosi kopanda kanthuko kapezeka bwanji. Atatuwa analumikiza timabokosi tonse tosagwira ntchito mu mndandanda wakewake, mwa njira yomweyo. Mndandanda ukafuna kukula unkatenga kabokosi koyamba pa mndandanda wa malo otsalawo, ndipo chinthu chikatha ntchito kabokosi kake kankabwezedwa komweko. Kotero mindandanda yonse inkatunga pa chitsime chimodzi. Nkoyenera kutchula kuti a Hans Peter Luhn a ku IBM anali atalemba kale za kulumikiza zinthu ndi keyala m'kalata ya m'kati mwa kampaniyo mu January 1953. Koma amene anapanga ganizoli kukhala maziko a chilankhulo chathunthu ndi atatu aja.

Logic Theorist inayamba kugwira ntchito pa JOHNNIAC mu August 1956, ndipo inatsimikizira mfundo 38 mwa mfundo 52 zoyambirira za mutu wachiwiri wa buku lija. A Newell ndi a Simon analandira mphoto ya Turing m'chaka cha 1975, ndipo a Simon analandiranso mphoto ya Nobel ya za chuma mu 1978. Dzina la a Shaw, amene anali mmisiri wolemba mapulogalamu pakati pa atatuwo, silimveka kawirikawiri, ndipo chimenechi si chilungamo kwenikweni.

Njira yatsopanoyi inali ndi msonkho wake. Keyala iliyonse inkadya malo amene akanasunga chinthu. Kuti makina afike pa chinthu cha nambala 700 ankayenera kuyenda kuchokera pa choyamba, kudutsa zonse 699, pakuti panalibenso masamu achidule. Choopsa koposa chinali chakuti udindo wobweza timabokosi totha ntchito unali wa wolemba pulogalamu. Akaiwala, chitsime chinkaphwa pang'onopang'ono mpaka pulogalamu kuima. Akabweza kabokosi kamene mndandanda wina ukukalozabe, zotsatira zake zinali zosokonezeka, ndiponso zovuta kuzilondola.

A John McCarthy anamva za IPL pa msonkhano wa ku Dartmouth College m'chaka cha 1956, ndipo ganizo la mindandanda yolumikizana analikonda, ngakhale kuti kalembedwe ka chilankhulocho sanakondwere nako. Iwo anaona kuti kabokosi ka IBM 704 kanali ndi zigawo ziwiri, chilichonse chokwana kusunga keyala imodzi, zimene amisiri a makinawo ankazitcha address ndi decrement. Chigawo chimodzi chikhoza kuloza chinthu, chinacho kuloza mbali yotsala ya mndandanda. Atayamba chilankhulo cha LISP ku Massachusetts Institute of Technology m'chaka cha 1958, lamulo lotenga chinthu choyamba linatchedwa car, lotenga zotsala linatchedwa cdr, maina ochokera ku zigawo ziwiri zija, ndipo lamulo loonjezera linatchedwa cons. Ntchito ya cons ndi kutenga kabokosi katsopano, kuikamo chinthu, ndi kulozetsa chigawo chachiwiri ku mndandanda wakale.

Apa pali chinthu chimene chimazunguza ophunzira mpaka lero. Kalaliki amaonjezera pansi pa tsamba, koma cons imaonjezera kumutu kwa mndandanda, chifukwa keyala imene makina amaigwira m'manja ndi ya chinthu choyamba chokha. Kuika chinthu kumapeto kumafuna ulendo wa mndandanda wonse. LISP inali ndi lamulo lotchedwa append lolumikiza mindandanda iwiri, koma ilo linkakopera mndandanda woyamba wonse m'timabokosi tatsopano kuti wakale usasinthike. Panalinso lamulo lina, nconc, limene silinkakopera kanthu: linkangoyenda mpaka kumapeto ndi kusintha keyala yotsiriza. Limeneli linali losaononga malo, koma linali ngati mpeni wakuthwa konsekonse, pakuti mindandanda iwiri mu LISP ikhoza kugawana mchira umodzi, ndipo wosintha mchirawo amasinthanso mndandanda wa mnzake mosadziwa. Nchifukwa chake olemba LISP anazolowera kumanga mndandanda chafutambuyo, kuonjezera kumutu nthawi zonse, kenaka kuutembenuza kamodzi ntchito ikatha.

Za kubweza timabokosi, a McCarthy anachotsa udindowo m'manja mwa munthu. M'nkhani imene anasindikiza mu April 1960 anafotokoza kuti pulogalamu imayamba ndi timabokosi pafupifupi 15,000 topanda kanthu, ndipo imangotenga osabweza. Tikatha, makina amaimitsa ntchito, nalondola keyala zonse kuchokera pa mindandanda imene ikugwirabe ntchito, naika chizindikiro pa kabokosi kalikonse kamene afikapo. Kenaka amasesa malo onse, ndipo kabokosi kopanda chizindikiro kamabwerera ku chitsime. Ntchitoyi inatchedwa kutola zinyalala, ndipo inkatenga masekondi angapo. A McCarthy anasimba pambuyo pake za tsiku limene ankaonetsa LISP kwa alendo a m'makampani, amene ankaonera pa kanema m'chipinda china. Zonse zikuyenda bwino, timabokosi tinatha, ndipo taipi yolumikizidwa ku kompyuta, imene inkalemba zilembo 10 pa sekondi, inayamba kulengeza kuti wotola zinyalala waitanidwa, niyala ziwerengero za ntchito yakeyo mzere ndi mzere. Alendowo anafa nalo phwete, ndipo nthawi ya chionetsero inathera pomwepo. Komabe nzeru imene anaiseka tsikulo ndi imene inadzalowa m'chilankhulo cha Java, chotuluka mu 1995, ndi m'zilankhulo zina zambiri.

Pamene zonsezi zinkachitika, njira yakale ya timabokosi togundizana sinafe ayi, chifukwa inali yachangu. Chilankhulo cha C, chimene a Dennis Ritchie anakonza ku Bell Laboratories cha m'ma 1972, chinasiyira wolemba pulogalamu ntchito yoonetsetsa kuti zoonjezera sizikupyola malo opatulidwa. Mtengo wa ufulu umenewu unaonekera poyera pa 2 November 1988. Robert Morris, wophunzira wa pa yunivesite ya Cornell, anatulutsa pulogalamu yodzifalitsa yokha pa intaneti, imene panthawiyo inkalumikiza makamaka mayunivesite ndi malo a kafukufuku. Limodzi mwa makomo amene inalowera linali pulogalamu yaing'ono yotchedwa finger, imene inkayankha funso lakuti ndani akugwiritsa ntchito kompyuta yakutiyakuti. Pulogalamuyo inali itapatula malo a zilembo 512 olandirira funso, ndipo inkaonjezera chilembo pa chilembo ndi lamulo lotchedwa gets, limene siliwerenga kuti lafika pati. Morris anatumiza zilembo 536. Zopyolazo zinagwera pamene makina anali atalemba keyala yobwererako akamaliza, ndipo makinawo anayamba kutsata malangizo a mlendo. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri ndi chakuti makompyuta pafupifupi 6,000 anakhudzidwa, mwa pafupifupi 60,000 amene analipo pa intaneti. Khoti linampeza Morris wolakwa mu 1990. Koma lamulo la gets linakhalabe m'malamulo ovomerezeka a chilankhulo cha C kufikira 2011, zaka 23 chichitikire ngoziyo.

Panali njira yachitatu, imene kalaliki aliyense akanaizindikira: kaundula akadzaza, tenga wamkulu, ukoperemo zonse, upitirize. Zinthu zimakhala moyandikana monga mu FORTRAN, koma malo akatha makina amapatula malo ena aakulu, nasamutsirako mndandanda wonse. Funso ndi lakuti malo atsopanowo akule motani, ndipo apa masamu amadabwitsa. Ngati nthawi iliyonse makina aonjeza kabokosi kamodzi kokha, ndiye kuti pomanga mndandanda wa zinthu 1,000,000 adzasamuka pa chinthu chilichonse, ndipo kukopera konse pamodzi kudzakwana pafupifupi 500 biliyoni. Koma ngati pa msamuko uliwonse malo awirikizidwa kawiri, kuchokera pa 1 kupita pa 2, 4, 8, 16 ndi kumapitirira, makina adzasamuka ka 20 kokha, ndipo kukopera konse kudzakhala 1,048,575, ndiko kuti pafupifupi kamodzi pa chinthu chilichonse. Msamuko wotsiriza ndi wolemetsa zedi, koma umabwera patapita nthawi yaitali ya kuonjezera kosavuta. Kawerengedwe kotere, kogawa mtengo wa ntchito yolemetsa pa ntchito zonse zopepuka zimene zinatsogola, a Robert Tarjan anakalongosola mwadongosolo m'nkhani yawo ya m'chaka cha 1985, ndipo dzina limene anakapatsa analibwereka kwa owerengera ndalama amene amagawa ngongole yaikulu m'magawo ang'onoang'ono.

Njira imeneyi ndiyo ili kuseri kwa mindandanda imene olemba mapulogalamu ambiri amagwiritsa ntchito masiku ano. A Guido van Rossum anayamba kulemba chilankhulo cha Python ku Amsterdam mu December 1989, nachitulutsa mu February 1991. Mu Python munthu amangolemba mau amodzi, append, ndipo chinthu chimakhala kumapeto. Sanena za kukula kwa mndandanda, sabweza kabokosi, saona keyala. Koma m'kati mwake malo amakula modumpha, 4, 8, 16, 24, 32, 40, 52, ndipo mndandanda ukatalika amaonjezeka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8. ArrayList ya Java imaonjeza theka la malo amene analipo. Opanga zilankhulo amasiyana pa muyezo, chifukwa kuwirikiza kwambiri kumasiya malo ambiri opanda kanthu, pamene kuonjeza pang'ono kumachulukitsa misamuko. Ndi mkangano uja wa nkhokwe, wangosamukira m'manja mwa anthu ena. Chosangalatsa ndi chakuti zimene zimakhala moyandikana mu mndandanda wa Python si zinthu zenizenizo, koma makeyala ake, ndipo zinthuzo zili balala kwina. Nzeru ya a Backus ndi ya atatu a IPL aja zinakumana m'nyumba imodzi.

Zakale zimatulukirabe kwa wophunzira wosachenjera. Akaonjezera zinthu kumutu kwa mndandanda wa Python, zonse zimasunthirana monga pa benchi ija, ndipo pulogalamu imene inkathamanga pa zinthu 100 imakwawa pa zinthu 1,000,000. Zimene zinali zotsika mtengo mu LISP ndizo zodula kuno. Akapereka kwa append mndandanda wa zinthu zitatu, poyembekeza kuti zilowa chimodzichimodzi, amapeza kuti walowa wonse ngati phukusi limodzi, pakuti lamulo lomasula phukusi ndi lina, lotchedwa extend. Tanthauzo la mau akuti append pano silofanana ndi limene anali nalo mu LISP, ngakhale kalembedwe ndi kamodzi.

Chimene chinapendeketsa sikelo kwambiri chinali kusintha kwa makina enieniwo. Mbali ya kompyuta imene imawerengera inakula liwiro kuposa malo osungira zinthu, kotero opanga makina anaika kankhokwe kakang'ono kachangu pafupi nayo. Makina akatumidwa chinthu chimodzi, amabweretsa pamodzi ndi zoyandikana nazo, monga mayi amene sapita kuchitsime ndi chikho koma ndi mtsuko. Mndandanda wa zinthu zogundizana umapindula ndi mtsukowo, pamene mndandanda wolumikizidwa ndi makeyala umatumiza makina ulendo watsopano pa chinthu chilichonse. M'chaka cha 2012 a Bjarne Stroustrup, amene anayambitsa chilankhulo cha C++, anaonetsa pa msonkhano wina kuti ngakhale pa ntchito yolowetsa ndi kuchotsa manambala pakati pa mndandanda wosanjidwa, ntchito imene mabuku ankaphunzitsa kuti ndi ya mindandanda yolumikizana, njira ya zinthu zogundizana inkapambana, chifukwa kusunthirana pa benchi kunali kwachangu kuposa ulendo wofunafuna malo olowetsapo.

Izi sizikutanthauza kuti mindandanda yolumikizana inatayidwa. A Joseph Weizenbaum, m'chilankhulo chawo cha SLIP cha 1963, anagwiritsa ntchito timabokosi ta makeyala awiri, ina yoloza kutsogolo, ina kumbuyo, kuti chinthu chichotsedwe pakati popanda kuyambira kumutu. Mindandanda ya mtundu umenewu ndi imene Linux, imene ili m'kati mwa mafoni a Android, imagwiritsa ntchito posunga kaundula wa ntchito zimene makina akuchita, pakuti ntchito zimabadwa ndi kufa nthawi iliyonse ndipo sizingamasamutsidwe. Mau aja akuti car ndi cdr akulembedwabe ndi ogwiritsa ntchito Scheme, Common Lisp ndi Emacs, ambiri mwa iwo osadziwa kuti akutchula zigawo za kabokosi ka IBM 704. JOHNNIAC inazimitsidwa kotsiriza m'chaka cha 1966, ndipo inasungidwa ku Computer History Museum, mumzinda wa Mountain View ku California.